Woumba Sadziwika

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu mayiyu anakolopa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene anthu a m'tauni amangoti myuziyamu, ndipo pa zaka zonsezo palibe bwana ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo dzina. Ankangomuti Wamanzere, poti chokolopera, kansanza ndi ndowa, zonse ankagwira ndi dzanja lamanzere. Dzinalo linamukanirira mpaka kunyumba, moti ngakhale mwamuna wake, akafuna kumuputa, ankamuitana choncho.

Ntchito yokolopa ili ndi ubwino umodzi umene mabwana saudziwa: munthu umaona zinthu pafupi, tsiku ndi tsiku. Alendo ankadutsa m'chipinda cha mbiya ngati basi ikuwasiya, koma iye ankaima pa galasi lililonse, kuliuzira mpweya, kulipukuta, maso ali mkati. M'kabati ya pakona munali phale lakuda, lalikulu ngati chikhatho, la pakhosi pa mtsuko umene unasweka agogo a agogo athu asanabadwe. Kunja kwa phalelo kunali mizere yopendekera, yokandidwa ndi chinthu cha mano ambiri. Mkati mwake munali kadzenje pamene chala cha woumba chinakanikiza dongo likadali lofewa. Tsiku lina, opaka penti atatsegula makabati, Wamanzere anaika chala chake m'kadzenjemo mwakabisira, ndipo chinakwana ndendende. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso pa chokolopera.

Palibe munthu anamuphunzitsa kuumba. Mayi ake anali telala, ndipo kwa iwo dongo ndi uve chinali chinthu chimodzi. Aphunzitsi ake anali mapale a m'magalasiwo. Poyang'anitsitsa pamene anaswekera anaona timiyala tofiira, n'kuzindikira kuti akale ankasinja mapale ndi kusakaniza m'dongo kuti mbiya ipirire moto. Anaona kuti ankapota dongo ngati zingwe, kuyala china pamwamba pa chinzake, kusalaza ndi chala, kenako kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka mbiya iwale popanda penti. Loweruka lililonse ankakakumba dongo kumene anthu ankaumba njerwa, n'kumayesa kuseri kwa nyumba yake. Mbiya zoyamba zinkaphulika pamoto, moti oyandikana nawo ankafunsana ngati kwa Wamanzere kwayambika nkhondo. Iye ankatola mapale ake, kuwasinja, n'kuyambanso. Pofika chaka chimene anapuma pantchito, mtsuko wake ukaugogoda ndi chala unkalira ngati belu, ndipo omwe ankaseka aja ndiwo ankabwera kudzapempha.

Mizere ya pakhosi ankakanda ndi chidutswa cha chipeso chobiriwira cha pulasitiki. Chipesocho chinathothoka dzino lachinayi kalekale, m'mawa wina akupesa mwana wake wamkazi, amene tsitsi lake linali lolimba ngati waya. Mwanayo tsopano ndi namwino kutali uko, koma chipeso chinatsala. Choncho mbiya zake zonse zinkakhala ndi mizere itatu, mpata, kenako mizere isanu ndi iwiri. Pansi pa mbiya iliyonse ankadindapo chala chachikulu chakumanzere, ndipo kwa iye kumeneko ndiko kunali kulemba dzina.

Atapuma pantchito sanasiye kupita ku myuziyamu. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankakwera minibasi kukaona phale lija, monga mmene ena amakazondera m'bale kuchipatala. Mlonda wa pakhomo, bambo wamtali amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, sankamufunsa tikiti.

"Lero muona chachilendo, amayi," anatero mlondayo Lachiwiri lina. "Kwabwera mtsuko wathunthu, wakalekale. A Dokotala sakudya nawo n'komwe. Lachisanu aitana anthu kuti adzauone koyamba, mipando yafika kale."

A Dokotala anali mkulu wa myuziyamuyo, dokotala wa zinthu zamakedzana osati wa matenda.

Pakati penipeni pa chipinda cha mbiya panali kabati yatsopano, ya galasi mbali zonse, yokhala ndi getsi lakelake. Wamanzere anaima pakhomo. Mwana wako ngakhale amupake matope nkhope yonse, sungamusowe pagulu. Mtsukowo unali wake. Anauumba zaka zitatu zapitazo, ndipo ankaukumbukira bwino chifukwa mimba yake inapendekera pang'ono mbali imodzi pamene foni inalira iye ali mkati moumba. Ankaukumbukiranso chifukwa mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, anaupempha mochita kugwada, ati akaukhazike pabalaza kuti alendo aziona luso la m'banja.

Koma anali atauzunza. Mlomo wake unali wobenthuka, thupi lonse lili mawangamawanga, ndipo m'mizere ya pakhosi munali dothi louma. Wamanzere anavala magalasi ake a maso n'kuwerama pa kapepala kamene anamata pakabatipo.

Kapepalako kankati mtsukowo unali wa zaka pafupifupi mazana asanu ndi awiri, ndipo unapezeka pokumba maziko a nyumba. Dzina la woupeza linalembedwa m'zilembo zazikulu, lonse, ndi la pakati lomwe, ndipo linali la mlamu wake. Munsi mwake a Dokotala analongosola kuti mpata umene uli pakati pa mizere itatu ndi mizere isanu ndi iwiri uyenera kuti unali khomo limene akale ankasiyira mizimu kuti izilowa kudzamwa madzi. Mzere womaliza unali waufupi: "Woumba: sadziwika."

Poyamba anaseka mpaka kugwira pakamwa. Khomo la mizimu, chikhalirecho ndi dzino la chipeso limene linagwera kunsi kwa bedi, mwana akulira kuti achedwa kusukulu. Koma kusekako sikunapite patali. Anawerenganso mzere womalizawo, ndipo mtima unamuwawa kuposa tsiku limene anamutsanzika pantchito ndi wotchi ya pakhoma ndi kalata yolembedwa kuti "kwa wokolopa wathu". Zaka zonse zija anali wosadziwika ndipo anapirira, poti pansi pokolopedwa munthu sadindapo chala. Koma pa mtsuko uwu anadindapo. Anatuluka osapita n'komwe kukaona phale lake la pakona.

Kunyumba anapeza mwamuna wake pakhonde, atamasula wailesi imene wakhala akuikonza chisiyireni kuyendetsa basi. Anali munthu wofatsa, wokonda mtendere kuposa chilungamo, monga amachitira anthu ofatsa ambiri.

"Imbirani mng'ono wanu," anatero Wamanzere asanavule n'komwe nsapato. "Muwauze abwere, kuno kuli tiyi."

Bamboyo anamuyang'ana kumaso n'kuona kuti madzi achita katondo. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma iye, patatha zaka makumi atatu, ankaphethirabe. Anaika sikuludiraiva pansi n'kutenga foni.

Mlamu anafika dzuwa litapendeka, atavala jekete, m'khwapa muli chikwama cha mapepala, ngakhale kuti ofesi yake palibe anaionapo. Masiku amenewo ankafuna mpando mu komiti ya chitukuko ya m'dera lawo, ndiye ankapereka moni ngakhale kwa agalu.

"Alamu, mtsuko wanga uja ukukhala bwanji pabalaza?" anafunsa Wamanzere akuika makapu patebulo.

Mlamu anaseka n'kudzimenya pantchafu. Manyazi analibe ngakhale a mankhwala.

"Mwauona eti? Ndimafuna ndikudzidzimutseni Lachisanu. Ndakukwezani, alamu. Mtsuko wanu uli m'galasi, ndi getsi lakelake. Ndani pamsewu uno amene chinthu chake chinalowapo m'galasi?"

"Munautani?"

Anafotokoza monyadira, ngati mayi wouza anzake mmene anaphikira keke. Anaukwirira kuseri kwa khola la nkhuku nyengo ziwiri za mvula, akumathirapo masamba a tiyi ndi phulusa. Mlomo anaubenthula ndi sipanala, poti chakale chosabenthuka anthu sachikhulupirira. Kenako anaufukula, kuukulunga m'bulangete, n'kupita nawo kwa a Dokotala nkhope ili yodabwa.

"Nanga chala changa pansi paja?"

"Chimenecho ndiye chinandivuta. Ndinachita kukhula pa simenti ya pakhonde theka la tsiku. Mumadinda mwamphamvu, alamu."

Wamanzere anayang'ana chala chake chachikulu. Chinali chomwecho, chong'aluka ndi dongo, koma anamva ngati ndicho anachikhula pa simentipo.

"Sindinagulitse ayi," mlamu anapitiriza. "Ndinapereka ulere, monga munthu wokonda dziko lake. Lachisanu ndikakhala kutsogolo, a nyuzipepala akajambula. Inu mwataya chiyani? Dongo likadalipo."

"Mwandipha, alamu," anatero Wamanzere, tiyi akuthira bwinobwino osataya ngakhale dontho. "Mwandiika m'manda zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, ine ndili pano ndikukuthirirani tiyi. Shuga masipuni angati?"

"Inu ndi nthabwala zanu."

"Mawa ndikukaonana ndi a Dokotala."

Kuseka kunathera pomwepo. Mlamu anakonza kolala ya jekete n'kuyang'ana mkulu wake, koma mkulu wakeyo maso anali pa mawaya a wailesi.

"Akakukhulupirirani ndani?" anatero, mawu atasintha. "Munthu wa mabuku onse aja akamvere wokolopa?"

"Tikaona konko."

"Mukandiyalutsa, alamu, phazi langa silidzapondanso pakhomo pano."

"Pakhonde pazisesedwa msanga."

Mlamu ananyamula chikwama chake n'kumapita, tiyi osamwa. Pageti sanapereke moni kwa galu.

Mwamuna wa Wamanzere anadikira mpaka mapazi a mng'ono wake atasiya kumveka, kenako anatsokomola.

"Mayi, tamverani. Walakwa, sindikukana. Koma ndi mwana wa mayi anga. Mukakaulula, mpando uja wapita, mwinanso apolisi alowererapo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Mkhatewo anaumba ndani?"

Bamboyo anatola sikuludiraiva n'kuyamba kuitembenuza m'manja.

"Ndikaphonya khoswe n'kuswa mkhate, ndiumba wina. Ndi ntchito yanga."

"Anthu adzati mkazi wanga anayalutsa mlamu wake chifukwa cha dothi."

"Anene. Bola akanenenso kuti dothilo linali langa."

Musamuyese munthu wouma mtima. Anamumvera chisoni mwamuna wake, chifukwa ankadziwa kuti kuyambira mawa, pa ukwati ndi pa maliro, abale awiriwa azikhala mabenchi osiyana, ndipo wovutika nazo adzakhala wofatsayu. Anachotsa makapu, natsuka ndi kapu ya mlamu yomwe, chisoni chikumudya. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ankamva m'mimba anali iye.

M'mawa mwake anatapa dongo lonyowa lokwana chibakera n'kuliika m'pepala la pulasitiki. Anavala diresi yake yabuluu ya kumisonkhano, chipeso n'kuchisomeka m'tsitsi. Mwamuna wake anali pakhonde akumwa tiyi, maso ali pa wailesi yake. Koma mayiyo atafika pageti anamva akumuitana.

"Wamanzere."

Anatembenuka.

"Chipeso mwatenga?"

"Ndatenga."

"Musakachitaye, n'cha mwana wathu. Mukakwere minibasi ya pakona, ndiyo imadzaza msanga."

Ofesi ya a Dokotala sanachite kufunsa, poti anaikolopa kuposa mmene anakolopera nyumba yake. Anagogoda n'kulowa. A Dokotala, bambo wamfupi wa ndevu za imvi, anali akulemba mawu okalankhula Lachisanu. Anadzutsa mutu, ndipo nkhope ya mayiyu inawakumbutsa ndowa basi.

"Za ntchito yokolopa mukaonane ndi a kapitawo, mayi."

"Ndinakolopa kale, bwana, zaka makumi awiri ndi zitatu. Pansi pa tebulo lanupo pali thailosi losweka, mumaliphimba ndi bini. Lero ndabwera za mtsuko wanga."

A Dokotala anavula magalasi n'kumwetulira moleza mtima. Anati amalandira anthu ambiri onena kuti chakutichakuti chinali cha makolo awo, ndipo ndi chinthu chabwino kukonda makolo.

"Si wa makolo anga. Ndi wanga. Ndinauumba ndine, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Amene anaubweretsa kuno ndi mlamu wanga, ndipo anaufukula pamene anaukwirira yekha."

Apa a Dokotala anakhala tsonga n'kuyamba kumuphunzitsa. Anati dongo la mtsukowo ndi losakaniza ndi mapale osinja, njira imene inatha kalekale. Anati kayalidwe ka zingwe za dongo, kupyapyala kwa khosi, kuwala kwa mimba popanda penti, zonsezi palibe munthu wamoyo angazikwanitse, ndipo iwo akunena monga munthu amene waphunzira mbiya zaka makumi atatu. Wamanzere anamvetsera mpaka pamapeto. Kunena zoona mawuwo anamukomera, chifukwa chiyambireni kuumba palibe anamuyamikirapo chotero, ngakhale kuti woyamikirayo ankaganiza kuti akuyamikira munthu wakufa.

"Inu makumi atatu ndi mabuku," anatero. "Ine makumi awiri ndi zitatu ndi kansanza. Tasunthani mapepala anuwo pang'ono, angade."

Anayala pulasitiki patebulo, kuphwatalala dongo ndi chikhatho, n'kusolola chipeso m'tsitsi. Anachipendeketsa monga amachitira nthawi zonse n'kuchikoka kamodzi. Padongo panatuluka mizere itatu, mpata, ndi mizere isanu ndi iwiri.

"Khomo la mizimu lija ndi ili, bwana. Dzino lake linagwera kunsi kwa bedi."

A Dokotala anavalanso magalasi. Anatenga rula m'dirowa n'kuyeza mpatawo, kenako anatsegula kope lawo n'kuyang'ana nambala imene analemba miyezi yapitayo. Anayezanso kachiwiri. Atatero anatenga makiyi, ndipo awiriwo anatsikira ku chipinda cha mbiya.

Munalibe alendo, munali mipando yokha ya Lachisanu itasanjikizidwa kukhoma. A Dokotala anatsegula kabati. Wamanzere anagoneka chipeso pakhosi pa mtsuko, ndipo dzino lililonse linalowa mu mzere wake ngati kiyi pa chitseko cha kwawo. Anachiyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira khosi, dothi la kukhola la nkhuku likuyoyoka. A Dokotala anatembenuza mtsukowo n'kuyang'ana pansi pake, pamene iwo analemba m'kope kuti panaperepeseka ndi kukhala pamwala zaka zambiri. Tsopano ankaona bwinobwino kuti ndi simenti. Anatsitsa mpando umodzi pa mulu uja n'kukhala.

Tiwapatse ulemu wawo: sanatsutse. Anali munthu wophunziradi, wodziwa pamene wagonja. Koma manyazi amaphunzitsa munthu nzeru zina zimene sizili m'mabuku.

"Makalata oitana anthu anapita kale," anatero motsitsa mawu. "Tamverani, mayi. Amene tikudziwa nkhaniyi ndi inu, ine ndi mlamu wanu. Mtsuko uwu ndi wokongola, kaya ndi wakale kaya ndi wadzulo. Usiyeni. Ukhala m'galasi muno ife tonse titafa, ndipo ana asukulu miyandamiyanda adzauona. Mukautulutsa ukathera kuseri kwa nyumba, tsiku lina mwana adzaugunda ndi mpira, basi. Ndipo mlamu wanu apulumuka, banja lanu likhala pamtendere."

Tisaname, mawuwo anamulowa. Kangati anaima m'chipinda chomwechi, chokolopera m'manja, akulota chinthu chake chili m'galasi? Loto lija linali apa, ndi getsi lakelake, ndipo ankangofunika kutseka pakamwa n'kukakwera minibasi. Mwamuna wake akanagona tulo tabwino. Anaganiza zonsezi, miyendo n'kumutengera ku kabati ya pakona.

Phale lake linali pomwepo, ndi kadzenje kake ka chala. Pansi pake panali kapepala kachikasu ndi ukalamba, kamene iye anakapukuta kosawerengeka osakamva kuwawa. Nako kankathera ndi mawu omwewo: "Woumba: sadziwika." Mayi ameneyo, anaganiza Wamanzere, anali ndi dzina. Anali ndi chokandira chake, mwina chothothoka dzino, ndi mwana wolira m'mawa, mwinanso ndi mlamu wopanda manyazi. Anthu a pamudzi pake ankadziwa mbiya yake akangoiona. Kusadziwikaku sanakusankhe, kunachita kumugwera. Ndiye iye, wamoyo, wa pakamwa pabwinobwino, akusankhe yekha?

Anabwerera pamene panakhala a Dokotala.

"Ukhoza kukhala," anatero. "Mungosintha kapepala. Mulembe kuti unaumbidwa zaka zitatu zapitazo, mulembe dzina langa, ndipo munene kuti ndinaphunzira poyang'ana phale ilo. Muusunthire pafupi nalo, anthu aziona mphunzitsi ndi wophunzira wake."

"Sizingatheke, mayi. Nyumba ino ndi ya zinthu zakale, malamulo ake ndi amenewo." Kenako ananena chenicheni. "Ndiponso anzanga angandiseke mpaka kumanda. Taonani, onse ali muno ndi osadziwika. Si chipongwe ayi. Muli pagulu labwino."

"Awo anafa, bwana. Sangabwere kudzakutsutsani, n'chifukwa chake mumawalembera zimene mwafuna. Ine ndabwera pa minibasi."

Anasomeka chipeso m'tsitsi, napisa manja m'kabati n'kunyamula mtsuko wake. Unali wopepuka monga ankaukumbukira, ukununkha nkhuku pang'ono.

A Dokotala sanamuletse. Mwina anaona kuti mtsuko ukachoka, Lachisanu akhoza kungouza anthu kuti pakufunika kufufuza kwina, ndipo za mlamu adzathana naye paokha. Anang'amba tsamba m'kope lawo n'kulembapo chilolezo chotulutsira katundu.

"Mutulukire khomo lakumbuyo, chonde. Mukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Ndi la ndowa."

Anadutsa pakati pa makabati, mtsuko uli pachiuno chakumanzere, nsapato zikugogoda pansi pamene anakolopa zaka zonse zija, mpaka anafika pakhomo lalikulu lakutsogolo. Mlonda anaimirira.

"Amayi, mwayamba kuba chuma cha dziko m'mawa uno?"

"Ndatenga changa, achimwene. Kalata ndi iyi."

Mlondayo anawerenga chilolezocho, nayang'ana mtsuko, nayang'ananso chipeso chobiriwira chimene chinali m'tsitsi. Kenako anagwira pachipumi.

"N'chifukwa chake. Ndakhala ndikudzifunsa sabata yonse kuti ndinauona kuti. Kwathu uliko wofanana nawo, uja munapatsa mayi akunyumba, timasungamo madzi akumwa."

"Mizimu imamwa nawo?"

"Sitinaionepo, koma madzi amatha msanga."

Anaseka onse awiri, kenako mlonda anakoka buku lake lalikulu la pakhomo, limene amalembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka. Analemba tsiku. Analemba kuti mtsuko umodzi. Atafika pa malo olemba mwini katundu, cholembera chinaima m'malere. Bambo wamtaliyo anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Amayi, mundikhululukire. Zaka zonsezi takhala tikupatsana moni, koma dzina lanu lenileni..."

Wamanzere sanakwiye. Anatsitsa mtsuko n'kuukhazika bwinobwino pafupi ndi phazi lake, natembenuzira bukulo kwa iye, n'kutenga cholembera ndi dzanja lamanzere. Analemba kuti "Woumba", kenako dzina lake lonse, loyamba, la pakati ndi la bambo ake, m'zilembo zazikulu zimene zinadya mizere iwiri ya bukulo. Chala chake chachikulu chinali chikadali ndi dongo lonyowa la patebulo la a Dokotala. Anachiyang'ana, n'kuchidinda pafupi ndi dzinalo, mwamphamvu, monga amadindira nthawi zonse.

Mlonda anatembenuza buku n'kuwerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono kuti asaphonye chilembo, ndipo linamveka mpaka m'khonde la m'kati. Aka kanali koyamba kuti litchulidwe m'nyumba imeneyo.

Mayiyo ananyamula mtsuko wake n'kutsika masitepe akutsogolo, kulunjika kokwerera minibasi. Ankadziwa chinthu chimodzi chimene a Dokotala mwina anali ataiwala. Mabuku a pakhomo akadzaza satayidwa. Amakasungidwa m'chipinda chapansi, pa mashelefu achitsulo, pamodzi ndi ena olembedwa iye asanabadwe, ndipo anawapukuta fumbi yekha zaka makumi awiri ndi zitatu.